Diso la gulugufe wa usiku ndi sola ya padenga: timapiri tosaoneka timene timadzimanga tokha

Sabata yatha, titamaliza phunziro la kuwala mu Fomu 3, mtsikana wina anatsalira pakhomo la kalasi n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, sola ya kwathu ikamaombedwa ndi dzuwa imathwanima mpaka kuthobwa m'maso. Ngati ntchito yake ndi kumwa dzuwa, nanga kuwala kumene kukubwera m'maso mwangaku sikukutayika?" Ndinamuyankha mwachidule kuti eya, kukutayika. Belu linali litalira kale, ndiye ndinamulonjeza kuti yankho lonse alipeza pano.

Kwa ife a kuchigwa kuno funsoli si lamasewera. Mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo makinawo sanayambirenso kugwira ntchito mpaka mu 2023. Ambiri a inu munkawerenga ndi nyale ya sola, ndipo ena mpaka pano ndi mmene mumawerengera. Foni za pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Bangula mpaka ku Marka zimatchajidwa ndi dzuwa. Alimi ena amathirira madimba ndi mapampu a sola. Kuwala kumene kwabwerera kumwamba kusanalowe mu sola ndi magetsi amene sitinawapeze.

Choncho tiyeni tione zinthu zitatu: chifukwa chimene kuwala kumabwerera, mmene tizilombo tina tinathetsera vutoli, ndi mmene asayansi akubwerekera nzeru za zamoyo kuti amange zinthu zazing'ono kwambiri moti palibe dzanja kapena chida chimene chingazigwire.

Kuwala kumabwereranji?

Kuwala kumathamanga kwambiri mumpweya, koma kukalowa m'madzi kapena m'galasi liwiro lake limachepa. Nambala imene imatiuza kuti lachepa kangati ndi ija timaitcha refractive index, ndipo timailemba n. Mpweya uli ndi n ya 1.0, madzi 1.33, galasi wamba pafupifupi 1.5.

Pamalire pamene n ikusintha mwadzidzidzi, gawo lina la kuwala sililowa, limabwerera. Kuwala kukagwa molunjika, gawo lobwereralo timalipeza motere:

R = [(n2 − n1) ÷ (n2 + n1)]²

Tiyeni tiyese. Kuchokera mumpweya kulowa m'galasi: 0.5 kugawa ndi 2.5 ndi 0.2, ndipo 0.2 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.04. Ndiye kuti 4 peresenti ya kuwala imabwerera. Pamadzi yankho ndi pafupifupi 2 peresenti basi. Mwina mukuti, "Koma aphunzitsi, Shire madzulo amawala ngati kalilole!" Zoonadi. Fomulayi ndi ya kuwala kogwa molunjika. Dzuwa likapendeka, kuwala kumagwa chammbali ndipo gawo lobwerera limakula kwambiri. N'chifukwa chake ukaima pamlatho n'kuyang'ana pansi penipeni umaona madzi a matope, koma ukayang'ana kutali umaona mitambo ndi dzuwa.

Tsopano mkati mwa sola muli silicon, amene n yake ndi pafupifupi 4. Werengani nokha: 3 kugawa ndi 5 ndi 0.6, kuchulukitsa ndi 0.6 ndi 0.36. Silicon wosalala wopanda chophimba amataya kuwala kopitirira 30 peresenti. Zili ngati kukolola matumba 10 a mapira, atatu n'kugwera mumtsinje usanafike kunyumba.

Njira yoyamba: kupaka kansalu kopyapyala

Anthu anayamba kulimbana ndi vutoli kalekale. Mu 1886 Lord Rayleigh wa ku England anaona chinthu chodabwitsa: galasi lakale, limene pamwamba pake panali patathimbirira, linkadutsa kuwala kochuluka kuposa latsopano. Kuthimbirirako kunali ngati sitepe ya pakati pa mpweya ndi galasi. Mu 1935 Alexander Smakula, wa kampani ya Zeiss ku Germany, anapeza njira yopakira dala kansalu kotere pa malenzi. Mu 1938 mayi wina wasayansi wa ku America, Katharine Blodgett, anapanga galasi losathwanima posanjikiza timiyalo ta mankhwala ofanana ndi sopo.

Chinsinsi chake n'chakuti kuwala ndi funde. Ukapaka kansalu pagalasi, pamakhala mafunde awiri obwerera: lina kuchokera pamwamba pa kansaluko, lina kuchokera pansi pake. Kansaluko kakakhala kochindikala gawo limodzi mwa magawo anayi a wavelength, funde lapansi limayenda ulendo wowonjezera wa theka la wavelength, kupita ndi kubwera. Likatuluka, nsonga yake imakumana ndi chigwa cha linzake, ndipo awiriwo amafafanizana. Mphamvu ija sinafe ayi. Yalephera kubwerera, ndiye yalowa mkati.

Apa tiyenera kudziwana ndi nanomita. Mumilimita imodzi, kampata kaja kakang'ono pa rula yanu, muli mananomita 1,000,000. Tsitsi limodzi ndi lochindikala mananomita pafupifupi 80,000. Zikhadabo zanu zimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi. Kuwala kumene maso athu amaona kuli ndi wavelength ya pakati pa mananomita 400 ndi 700.

Pa malenzi ambiri amapaka magnesium fluoride, amene n yake ndi 1.38. Kuti tifafanize kuwala kobiriwira kwa mananomita 550, kuchindikala kwake kukhale 550 kugawa ndi 4, kugawanso ndi 1.38, zimene zikutipatsa mananomita pafupifupi 100. Kuwala kobwerera kumatsika kuchoka pa 4 peresenti kufika pa 1 ndi kakang'ono. Silicon wa mu sola nayenso amapakidwa kansalu kake, kawirikawiri ka silicon nitride, ndipo n'kamene kamachititsa kuti sola zambiri zizioneka zabuluu.

Njirayi ili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, kansalu kamodzi kamagwira bwino pa mtundu umodzi wa kuwala komanso pa kupendeka kumodzi. Mitundu ina imathawabe, n'chifukwa chake magalasi a maso a agogo amaonetsa kuwala kobiriwira kapena kofiirira. Chachiwiri, masamu amati kansalu kabwino kwambiri pagalasi kakhale ndi n yofanana ndi square root ya 1.5, imene ndi 1.22. Vuto n'lakuti zinthu zolimba zokhala ndi n yotsika chonchi n'zosowa. Isungeni nambala imeneyi, 1.22, tiipezanso kutsogoloku.

Njira yachiwiri: ya gulugufe wa usiku

Madzulo mukayatsa nyale, agulugufe a usiku amabwera kudzazungulira. Timangowakupiza osawaganizira. Koma paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'zaka za m'ma 1960, Carl Gustaf Bernhard wa ku Sweden ndi anzake anadekha n'kuyang'ana maso a tizilombo totere ndi maikulosikopu ya maelekitironi. Anapeza kuti pamwamba pa diso la agulugufe ambiri a usiku si posalala. Pali timapiri ting'onoting'ono tondandalikana bwino, kalikonse kotalika mananomita pafupifupi 200, ndipo kuchoka pa kamodzi kufika pa kanzake ndi mananomita 200 mpaka 300.

Taonani manambalawo. Timapirito ndi tating'ono kuposa wavelength ya kuwala. Choncho kuwala sikutha kuona kaphiri kalikonse pakokha. Kumangomva kusakanikirana kwa mpweya ndi diso. Kunsonga kwa timapiri, malo ambiri ndi mpweya, ndiye n ili pafupi ndi 1. Kutsika pang'ono, timapiri tikunenepa, mpweya ukuchepa, n ikukwera. Pofika patsinde, ponse ndi diso lokhalokha, n yafika pafupifupi 1.5. Palibe pamene n yadumpha mwadzidzidzi, ndiye palibenso malire oti kuwala kubwererepo.

Ganizirani funde limene bwato lautsa pa Shire. Likagunda chipilala cha mlatho limabwerera, mumaliona. Koma pagombe lotsetsereka pang'onopang'ono silibwerera kwenikweni. Fanizoli lili ndi malire ake, poti funde la madzi limathera pamchenga pomwe kuwala kumapitirira kulowa m'diso. Koma mfundo ndi imodzi: chimene chimabweza funde ndi kusintha kwadzidzidzi.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti imagwira pa mitundu yonse ya kuwala kooneka, ngakhalenso kuwala kukamagwa chammbali. Asayansi amaganiza kuti zimathandiza gulugufe m'njira ziwiri: kuwala kochepa kwa usiku kumalowa m'diso kosatayika, komanso diso silithwanima n'kumuulula kwa adani. Nyenje zimene zimasokosa m'mitengo mwezi wa Okutobala zili ndi achibale amene mapiko awo anapimidwa n'kupezeka ndi timinga tofanana ndi timeneti. Mu 2012 asayansi a ku Australia anapezanso kuti timinga ta pa mapiko a nyenje ina ya kumeneko timang'amba mabakiteriya amene atera pamenepo.

Vuto: adzamange ndani?

Ndiye bwanji osangosema timapiri totere pa sola iliyonse? Tiyeni tiwerenge. Sentimita imodzi ili ndi mananomita 10,000,000. Tikagawa ndi 300 tipeza timapiri 33,000 pamzere umodzi. Pa kabwalo ka sentimita imodzi mbali zonse, kofanana ndi chikhadabo cha chala chanu, pakufunika timapiri toposa 1,000,000,000. Mutati muziika kamodzi pa sekondi, osagona, osadya, mungamalize patatha zaka 35. Pa sikweya mita imodzi mungafunike zaka 350,000.

Makina osema zinthu zazing'ono chonchi alipo. Mu 1973 asayansi awiri a ku Britain, Clapham ndi Hutley, anapanga "diso la gulugufe" loyamba lochita kupanga pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Masiku ano ena amasema chidindo chimodzi n'kumadinda nacho papulasitiki. Koma makina oterewa ndi okwera mtengo, amafuna chipinda chopanda ngakhale kafumbi, ndipo amavutika pamalo aakulu kapena okhota.

Komatu gulugufe alibe fakitale. Diso lake limapangika iye ali m'chikwa, pa kutentha wamba, kuchokera ku masamba amene anadya ali mbozi. Palibe amene amanyamula kaphiri n'kukaika pamalo pake. Timapirito timadzimanga tokha. Funso ndi lakuti: zinthu zopanda maso ndi manja zimadziwa bwanji pokakhala?

Mamolekyulu amene amadziwana

Amene munawetako ng'ombe ku Ngabu mukudziwa izi. Madzulo ng'ombe zikalowa m'khola, simuchita kunyamula mwana wa ng'ombe aliyense kukamupereka kwa mayi ake. Mumangotsekula, aliyense amapeza wake. M'thupi la chamoyo muli mamolekyulu otero. Amayendayenda m'madzi, akugundana ndi ena mamiliyoni, koma amagwirana ndi mnzawo mmodzi yekha amene maonekedwe ake ndi mphamvu zake za magetsi zikugwirizana ndi zawo.

Musaganize kuti izi ndi za ku Ulaya kokha. Pafupifupi aliyense wa inu anazionapo ndi maso. Mukapita kuchipatala thupi likutentha, amakubayani pachala n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera malungo. Mkati mwa kachipangizoko muli tizidutswa ta golide ta mananomita pafupifupi 40. Golide akachepa chonchi saoneka wachikasu, amaoneka wofiira. Pa kachidutswa kalikonse anamatapo ma antibody, mapuloteni aja amene thupi limapanga kuti agwire adani. Ma antibody amenewa amadziwa puloteni ya tizilombo ta malungo, monga ija yotchedwa HRP2 imene Plasmodium falciparum amatulutsa.

Magazi akamayenda m'kapepala ka mkatimo, puloteni ya malungo ikakhalapo imagwidwa ndi antibody wa pagolide. Zikafika pa chilembo T zimapeza ma antibody ena omatidwa pamzere, amene amagwira puloteni yomweyo mbali ina. Golide amaima pamenepo, kenaka wina, kenaka winanso, mpaka kamzere kofiira kamaoneka. Pa mphindi 15 kapena 20, tizidutswa tosawerengeka tafola pamzere umodzi popanda wotiika.

Kachipangizo ka malungo sikaletsa kuthwanima, ntchito yake ndi ina. Koma nzeru yake ndi yomweyo imene tikufuna: ukamata "dzina" pa kachidutswa, n'kuika "wolandira dzinalo" pamalo amene ukufuna, kachidutswako kamapita kokha. Asayansi ali ndi zomatira zitatu za mtundu umenewu zimene ndikufuna muzidziwe.

Choyamba: dzira ndi vitamini

M'choyera cha dzira laliwisi muli puloteni yotchedwa avidin. Imagwira vitamini B7, amene dzina lake lina ndi biotin, mwamphamvu kwambiri moti ndi kumodzi mwa kugwirana kolimba zedi kumene kumadziwika m'zamoyo. M'malabu amakonda m'bale wake, streptavidin, wochokera ku mabakiteriya ena a m'dothi. Puloteniyi kukula kwake ndi mananomita pafupifupi 5, ndipo ili ndi malo anayi ogwirira biotin, ngati munthu wa manja anayi.

Tiyerekeze kuti tikufuna kuphimba galasi. Timata biotin pagalasipo, n'kuliviika m'madzi a streptavidin. Puloteni iliyonse igwira galasi ndi manja ena, ena n'kutsala ali m'mwamba. Titsuka. Kenaka tiliviika m'madzi okhala ndi timipira ta silica, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga, timene tapakidwanso biotin. Manja otsala aja agwira timipirato, ndipo papangika muyalo umodzi. Tikafuna wina, tibwereza. Poti timipira ndi tozungulira, pakati pake pamatsala mipata ya mpweya. Silica ali ndi n ya 1.46, mpweya 1.0. Zikasakanikirana theka ndi theka, kuwala kumamva n ya pafupifupi 1.2. Mwaikumbukira nambala ija, 1.22? Chimene chimasowa m'chilengedwe tachipanga ndi mchenga ndi mpweya. Ndipo tikayala timipira mothithikana pansi, motalikirana pamwamba, tayandikira kutsetsereka kuja kwa diso la gulugufe.

Chachiwiri: DNA

Mu Biology munaphunzira kuti A amagwirana ndi T, ndipo C amagwirana ndi G. Kwa womanga, limeneli ndi dalitso lalikulu. Biotin ndi dzina limodzi lokha, koma ndi DNA ukhoza kulemba maina ambirimbiri osiyana, lililonse ndi mnzake mmodzi. Chingwe cha AATCG chimafuna cha TTAGC, china ayi.

Nadrian Seeman wa ku America ndi amene anayambitsa maganizo omangira zinthu ndi DNA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 1996 magulu awiri, la Chad Mirkin ndi la Paul Alivisatos, anaonetsa kuti DNA ikhoza kulumikiza tizidutswa ta golide mwadongosolo. Mu 2006 Paul Rothemund anatenga chingwe chachitali cha DNA ya vayirasi yotchedwa M13, cha zilembo pafupifupi 7,000, n'kuchisakaniza ndi tizingwe tatifupi toposa 200. Atatenthetsa n'kuziziritsa pang'onopang'ono, tizingwe tatifupito tinakoka chachitalicho n'kuchipinda monga mmene iye anafunira: mabwalo, nyenyezi, ngakhale tinkhope tomwetulira ta mananomita pafupifupi 100. Njirayi imatchedwa DNA origami. Onani kukula kwakeko. Ndi msinkhu womwewo wa timapiri ta m'diso la gulugufe, ndiye DNA ikhoza kukhala ngati chingwe chimene mlimi amakoka pobzala, chosonyeza pamene kachidutswa kalikonse kakhale.

Chachitatu: puloteni ndi phula

Njira ziwirizi ndi zobwereka kwina. Nanga tizilombo tokha timachita bwanji? Yankho linachokera ku tintchentche tija timaunjikana pa mango owola, totchedwa Drosophila. Maso ake alinso ndi timapiri. Mu 2020, gulu la Vladimir Katanaev wa ku yunivesite ya Geneva ku Switzerland linalemba m'magazini ya Nature kuti omanga akuluakulu ndi awiri: puloteni yotchedwa retinin ndi phula lofanana ndi la njuchi.

Retinin ikakhala yokha ilibe maonekedwe enieni, ili ngati ulusi wosokonekera. Ikagwirana ndi phula imapindika n'kuyamba kuunjikana. Koma phulalo limaletsanso kuti muluwo usafalikire paliponse. Wina akuti "kula", wina akuti "lekera pomwepo". Kukokanaku kumabala timilu totalikirana mofanana. Chosangalatsa n'chakuti katswiri wa masamu Alan Turing anali atalongosola kale mu 1952 kuti mankhwala awiri, wina wolimbikitsa wina woletsa, akamafalikira pa liwiro losiyana amatha kupanga mawanga ndi mizere paokha.

Gulu la Katanaev silinalekere pomwepo. Linauza mabakiteriya kuti apange retinin yambiri, n'kuisakaniza ndi phula logula, n'kupaka pagalasi ndi papulasitiki. Timapiri tinamera. Posintha mtundu wa phula ndi kuchuluka kwake, ankapeza maonekedwe osiyana, ena oletsa kuthwanima, ena oletsa zinthu kumatirira. Sipanafunike laser kapena ng'anjo yamoto.

Nanga zifika liti padenga la kwathu?

Apa ndikuuzeni zoona, musapite kukauza makolo kuti sola za diso la gulugufe zafika pa Nchalo. Njira zitatuzi zidakali m'malabu, ndipo zili ndi mapiri akuluakulu oti zikwere.

Loyamba ndi kutentha. Mukudziwa chimene chimachitika dzira likagwa m'chiwaya: puloteni imasintha maonekedwe ndipo sibwereranso. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 pamthunzi, ndipo sola ya padenga la malata imatentha kuposa pamenepo. Kuwala kwa ultraviolet kumaphwanya DNA, ndipo mabakiteriya ndi nkhungu amaona puloteni ngati ndiwo. Sola imayenera kukhala zaka 20 kapena kuposa. N'chifukwa chake asayansi ambiri amaona zamoyozi ngati chikombole choumbira njerwa: chimapereka maonekedwe, kenaka amakutira ndi silica kapena kudinda maonekedwewo pa chinthu cholimba, chikombolecho n'kuchoka.

Lachiwiri ndi mtengo. DNA ndi streptavidin zokwana kadontho ka mu labu ndi nkhani ina, zokwana munda wa sola ndi inanso. Apa njira ya retinin ili ndi chiyembekezo, poti mabakiteriya amatha kuipanga yambiri m'thanki.

Lachitatu ndi kulimba. Timapiri ta mananomita 200 sitichedwa kuphwanyika munthu akapukuta ndi chiguduli cha mchenga, ndipo mafuta a m'zala akadzaza mipata yake, kutsetsereka kwa n kuja kumatha.

Phindu lake tisalikokomezenso. Opanga sola anachepetsa kale kutaya kwa silicon ndi kansalu kabuluu kaja komanso pokanda pamwamba pake. Magalasi a sola zambiri zatsopano amapakidwanso silica wa timabowo, ngakhale sapangidwa ndi njira ya zamoyo. Chimene chikulimbiranidwa ndi maperesenti ochepa otsala, makamaka m'mawa ndi madzulo pamene kuwala kumagwa chammbali. Pa sola ya mawati 100, 3 peresenti ndi mawati 3 okha. Koma pa malo ngati a sola a ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, 3 peresenti ndi mamegawati 1.8. Ndipo si sola zokha: malenzi a maikulosikopu ya kuchipatala, makamera, magalasi a maso ndi foni zanu zomwe zimavuta kuwerenga padzuwa, zonsezi zili ndi vuto lomweli.

Kwa mtsikana wa funso uja, yankho la lero ndi ili: kuwala kwina kukutayikadi pagalasi, koma m'miyezi ya fumbi mdani wamkulu wa sola ya kwanu ndi fumbilo. Muziitsuka ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa m'mamawa isanatenthe, ndipo muonetsetse kuti palibe nthambi imene ikuiphimba. Zimenezo zikhoza kukubwezerani magetsi ochuluka kuposa timapiri tonse tatchula pano.

Yesani nokha

1. Usiku, gwirani tochi kapena kandulo pafupi ndi galasi la zenera n'kuyang'ana chammbali. Muona zithunzi ziwiri za kuwalako. Kodi chachiwiricho chikuchokera kuti, ndipo galasi lonse likutaya maperesenti angati?

2. Tengani pepala limene anakulungira mandasi, muliyang'anitse kudzuwa. Pamene pali mafuta pakudutsa kuwala kochuluka. Pepala ndi ulusi wosakanikirana ndi mpweya. Mafuta akathamangitsa mpweyawo, chachitika n'chiyani ndi kusiyana kwa n?

3. Mu labu, pemphani aphunzitsi anu kuti muviike test tube ya Pyrex m'mafuta ophikira, mafutawo alowenso mkati mwake. Mbali yomirayo iyamba kusowa. Mafuta ndi Pyrex zonse zili ndi n ya pafupifupi 1.47. Ikani manambalawa mu fomula ija muone R.

4. Mvula ikagwa, yang'anani madzi a pamsewu pamene padonthera dizilo. Mitundu imene mukuonayo ikugwirizana bwanji ndi kansalu ka pa lenzi?

5. Funso la oganiza mozama: timapiri tikanakhala totalikirana mananomita 5,000 m'malo mwa 250, kodi diso la gulugufe likanasiyabe kuthwanima? Fotokozani chifukwa chake.

Mayankho anu mulembe m'kope, tidzakambirana. Amene mupeze gulugufe wa usiku atafa pansi pa nyale, kapena phiko la nyenje, musataye. Bwerani nazo kusukulu. Maikulosikopu yathu singaonetse timapirito, poti nayonso imagwiritsa ntchito kuwala kumene sikutha kutiona. Koma tidzaika phikolo pambali pa kapulasitiki koonekera, tiziunike ndi tochi, tione kuti chithwanime kwambiri n'chiti.